Mphawi wa Chidindo

Chaka chimenecho kachewere analowa chiwawu,
masamba kuda bii ngati apsa ndi lupsa,
bambo anasiya kuwerenga matumba.
Chaka chomwecho aphunzitsi Sitole anatiitana awiri,
ine ndi Deyolinda,
nati ku Ulongwe masisitere akufuna ana a osauka
odziwa kugawa manambala ndi kulemba Chipwitikizi.

Tinachoka ku Domwe tambala woyamba,
pamwamba pa lole ya kabichi, mvula ikuwaza.
Pensulo inali imodzi. Tinaidula pakati ndi lezala.
Iye anasankha mbali yopanda labala.
"Ine sindifufuta," anatero.

Patatha milungu itatu mayina anamatidwa pachitseko.
Lake pamwamba penipeni.
Langa lachisanu ndi chitatu;
analemba Guedeza, ife timati Gwedeza,
ndinalidutsa kawiri osadzizindikira.

Irima Benedita, magalasi omanga ndi ulusi,
anati kukhoza ndi khomo loyamba chabe.
Bolosa, ndiye kuti bedi, chakudya, makope, nsapato,
imafuna mapepala awiri:
sedula yonena kuti unabadwadi,
ndi chikalata chonena kuti kwanu ndi osauka.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola.
"Umphawi nawonso ufuna mboni?
Abwere adzagone pansi pa denga ili mvula ikugwa."
Koma m'mawa anavala jekete la paukwati wawo.
Mayi anati, vulani,
mukatchena sakakukhulupirirani.
Anavula osayankha.
Anapita ndi malaya a kudimba,
thadzi lathu lomaliza lili m'khwapa,
ndipo kwa sekeretale chidindo chinagwa, dii!
Umphawi wathu tinaugula ndi nkhuku.
Pobwerera sanandiyang'ane kumaso,
anangondipatsa pepala, akupukuta manja m'buluku.

Deyolinda anabadwira ku Dedza, pamsasa wa othawa nkhondo.
Palibe amene analemba tsikulo.
Mayi ake anapita ku ofesi katatu wapansi,
katatu anauzidwa kuti abwere mawa.
Irima analemba makalata, anakwera chapa mpaka ku Tete,
anabwerako ndi fumbi m'nsidze basi.
Mawa lija linafika sukulu itatsegulidwa kale.

Tsiku lonyamuka ndiye anandisenzera sutikesi ya malata
mpaka pamsewu.
Sitinalankhule za mndandanda uja.
Tinalankhula za mbuzi ya kwawo yomwe inadya sopo.

Bedi langa linali nambala sate wani,
bulangeti lonunkha mankhwala a njenjete.
Belu la kudzuka, belu la kudya, belu la kukhala chete.
Nsapato zinanditupitsa zidendene mwezi wathunthu
ndipo ndinazikonda.
Ndinakhuta, ndisaname,
ndinawerenga pansi pa getsi losazima ndi mphepo.
Bedi loyandikana nalo linakhala lopanda munthu sabata imodzi,
kenako anabwera mtsikana wa ku Furankungo
wolira usiku, amene sindinathe kudana naye.

Kumapeto kwa chaka tinkalembera kalata mayi wina wa kutsidya kwa nyanja
amene sindinamuonepo nkhope.
Irima ankakonza zolakwa ndi inki yofiira.
Ndinkathokoza zochokera pansi pa mtima.
Kamodzi ndinawonjezera mzere: kuli winanso, woposa ine.
Irima anauyang'ana nthawi yaitali.
Sanaufufute. Yankho silinabwere.

Tsopano ndimabaya jakisoni ku Moatize, kotentha kosagonetsa.
Chikalata chija chikadali m'sutikesi, chidindo chinasuluka.
Ndikapita kumudzi ndimatsikira pa Kalomwe,
pamene Deyolinda amagulitsa kachewere m'zidebe.
Amasintha metikali kukhala kwacha m'mutu
foni ya wogula isanayake n'komwe.
Ana ake atatu onse ali ndi sedula,
anazikuta mu pulasitiki.

Akandiyezera chidebe amaponyamo zina zinayi za basela.
Ndikakana amandigwira dzanja, akuseka:
"Tenga iwe. Ife ndife osauka a pakamwa chabe,
mphawi wa chidindo ndiwe."